Momwe mungaperekere mtengo pogula masheya kapena nyumba

Wogula akatchula mtengo umene akufuna kugulira chinthu, amalonda amati waika bid. Uku sikunenerera wamba. Ndi lonjezo, ndipo musanatchule mtengo uliwonse muzidziwa nthawi imene lonjezolo liyambe kukumangani.

Tiyambe ndi masheya. Tsegulani akaunti kwa broker wovomerezeka, amene ndi munthu kapena kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya, chifukwa pa misika ngati New York Stock Exchange kapena London Stock Exchange oda yanu yogulira masheya imadzera kwa iyeyo. Kenako yang'anani mitengo iwiri imene imaoneka pa sheya iliyonse. Bid ndi mtengo wokwera kwambiri umene ogula akupereka pa nthawiyo, pamene ask ndi mtengo wotsika kwambiri umene ogulitsa akulola. Tinene kuti bid ili pa madola 9.90, ask pa madola 10. Masenti 10 apakatiwo ndiwo spread. Sheya ikamayenda malonda mpatawu umachepa, ikamasowa ogula umakula.

Mukatero sankhani mtundu wa oda. Market order ndi kuuza broker kuti agule pompano pa mtengo umene ulipo. Limit order ndi kumuikira malire: gula, koma usapitirire madola 9.95. Oda yotere imakaima pamzere. M'misika yambiri wopereka mtengo wokwera amakhala kutsogolo, ndipo awiri akafanana mtengo, amene anafika msanga ndiye amayamba. Mwina simugula tsiku limenelo, koma ine ndimaona kuti wongoyamba kumene limit order ndiyo imamuyenera. Taganizani: mukufuna masheya 500, koma pa madola 10 alipo 200 okha. Market order itenga 200 amenewo, otsala 300 ikawagula kwa wogulitsa wotsatira, mwina pa 10.20, osakufunsani. Oda mukhoza kuichotsa isanakumane ndi wogulitsa. Ikangokumana naye, basi, mwagula. Ku United States, kuyambira pa 28 May 2024, ndalama ndi masheya zimasinthana manja tsiku lantchito lotsatira.

Nyumba ndi malo sizithamanga chonchi. Fufuzani kaye mitengo imene nyumba zofanana nayo zagulitsidwira, osati imene eni ake akutchula. Ngati mudalira ngongole, banki ikuuzeni kaye kuti ingakubwerekeni zingati. Pomwepo lembani kalata ya mtengo wanu, chifukwa mawu apakamwa sathandiza zinthu zikavuta. M'kalatamo mukhale mtengo, dipoziti, tsiku limene mtengowo uthere mphamvu, ndi zimene ziyenera kutheka kuti mugule: ngongole ivomerezedwe, katswiri ayendere nyumbayo kuyambira denga mpaka maziko, loya atsimikize kuti wogulitsayo ndi mwini wakedi ndipo nyumbayo si chikole cha ngongole ina. Ambiri amathamangira mtengo n'kuiwala mizere imeneyi, chonsecho ndiyo imawabwezera dipoziti malonda akalephereka.

Wogulitsa akhoza kuvomera, kukana, kapena kutchula mtengo wake. Akatchula wake, mpira uli kwa inu: muvomere, muonjezere pang'ono kapena muchoke.

Funsani loya kuti m'dziko limene mukugulamo lonjezo limamanga liti, poti malamulo amasiyana. Ku England ndi Wales, ngakhale wogulitsa atavomera, palibe womangidwa mpaka maloya atasinthana makontirakiti, motero wina akhoza kubwera ndi mtengo wokwera n'kukulandani nyumbayo mutawononga kale ndalama poiyendera. Ku United States, nonse mukasaina mwamangana, ndipo wogula akabwerera m'mbuyo pa chifukwa chimene sichinalembedwe akhoza kutaya dipoziti yake.

Ku okushoni ndiye kulibe zoganiza kawiri. Nyundo ikagunda, nyumba mwaigula. Ku Britain kawirikawiri amafuna 10 peresenti tsiku lomwelo ndipo zotsalazo pasanathe masiku 28, choncho kuyendera nyumba, kuwerenga mapepala ndi kukonza ndalama zichitike musanakweze dzanja.