Mmene mungakokere makasitomala pa 6 July

Anzanga a geni kuyambira ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, 6 July musamayione ngati holide wamba, anthu amatuluka kukumbukira ufulu wa 1964 komanso ndalama za malipiro zimakhala zisanathe makamaka kwa odula nzimbe. Ndiye yambani msanga, gulani tinsalu takuda, tofiira ndi tobiriwira ngati mbendera yathu mumangirire pabenchi. Jambulani katundu muziika pa status ya WhatsApp mmawa uliwonse mtengo ulembedwe pomwepo, anthu amatopa nkufunsa. Tsiku lakelo kaikeni chiwaya pafupi ndi bwalo la mpira, wogula mbale ziwiri za chipisi mpatseni banyira ya kapu ya thobwa, abweranso ndi anzake ameneyo. Nambala ya Mpamba kapena Airtel Money ilembeni pakatoni zilembo zikuluzikulu. Koma chonde abale, ngongole ayi tsiku limenelo.