Kusunga Malo Osamangapo M'dera la Mtsinje Lokhala Anthu Ambiri

Mvula ya mamilimita 25 ikagwa pa hekitala imodzi imasiya malita 250,000 a madzi. Ikagwera pa malata, phula ndi simenti, pafupifupi onsewo amathamangira kumtsinje nthawi imodzi, n'kusefukira kwa anthu akumunsi. Ikagwera pa udzu ndi mitengo, ambiri amalowa pansi ndipo amadzatuluka pang'onopang'ono m'chilimwe. Mzinda wa New York ku America unaona zimenezi: kuyambira 1997 wakhala ukugula malo m'dera la mapiri a Catskill kuti madzi ake akumwa asafunike fakitale yosefera.

Yambani ndi kuyenda dera lonse lomwe madzi ake amatsikira mumtsinjewo. Chongani pa mapu akasupe, madambo, malo otsetsereka ndi pomwe madzi amafika akasefukira. Anthu okhalitsa amapadziwa. Malo amenewa ndiwo oyamba kuteteza, ndipo kadambo kakumtunda kamaposa chimalo chachikulu chouma chomwe chili kutali ndi madzi.

M'mbali mwa mtsinje siyani mamita 15 mpaka 30 tsidya lililonse, ndipo potsetsereka onjezerani. Pagombe penipeni pakhale bango ndi nsungwi, pakati mitengo yachilengedwe, kunja udzu. Vetiva mubzale mopingasa chitunda, motalikana masentimita 10 mpaka 15, kuti atsekane n'kumagwira matope. Bulugama ayi, amamwa madzi ambiri ndipo pansi pake udzu sukula bwino.

Chomwe chimalakwika kawirikawiri ndi ngalande. Udzu umasefa madzi oyenda momwazika. Ngalande yochokera kunyumba kapena kumsewu ikadutsa molunjika, imanyamula dothi ndi zonyansa mpaka mumtsinje ngati palibe chilichonse, kenako imakumba chigwembe. Ngalande izithera kunja kwa udzu, pa miyala yoyala kapena m'dzenje losazama lomwetsa madzi pansi.

Malire akhale ndi zipilala zooneka ndipo alembedwe m'zikalata za malo. Mgwirizano wapakamwa umatha nyumba yoyamba ikangomangidwa, chifukwa yachiwiri sikanizikanso. Koma musatsekere anthu kunja. Njira yapansi, bwalo la masewera pamalo osefukira ndi kumweta udzu mwadongosolo zimapatsa anthu chifukwa cholondera malowo, pomwe malo ongosiyidwa amasanduka dzala.

Mvula yaikulu ikangogwa, pitani mukaone pomwe madzi adula njira, ndipo tsekani mipata ya vetiva nthaka ikadali yonyowa.