Momwe mungasankhire chingwe chowedzera walleye ndi jig

Ife amene tinakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi tinazolowera kuti kampango amafuna chingwe chonenepa. Walleye, nsomba ya m'nyanja za Canada ndi kumpoto kwa United States, imene kuno ku Manitoba, chigawo cha Canada, amaitcha pickerel, imafuna nzeru ina. Imakhala pansi, pafupi ndi miyala, ndipo imadya nyambo mwakachetechete. Nthawi zina mumangomva kakugunda kamodzi, tiki, basi. Chingwe chikakhala chonenepa, kakugundako sikafika m'manja mwanu.

Choyamba, yang'anani jig yanu. Jig ndi mbedza yokhala ndi mutu wa mtovu, imene mumaigwetsa pansi, kuinyamula pang'ono n'kuigwetsanso. Ambiri amagwiritsa ntchito ya magalamu 3.5, 7 kapena 10. Jig yopepuka pa chingwe chonenepa imachedwa kumira, madzi amakankha chingwecho mpaka chimapindika ngati uta, ndipo simudziwa ngati mwafika pansi. Pa jig ya magalamu 3.5 mpaka 7, tengani chingwe cha mapaundi 6 kapena 8. Nambala imeneyi imalembedwa pa paketi, ndipo imatanthauza kulemera kumene chingwecho chingapirire chisanaduke: mapaundi 6 ndi makilogalamu 2.7, mapaundi 8 ndi 3.6. Pamadzi othamanga, monga mumtsinje wa Red kumunsi kwa Lockport, pamafunika jig yolemerapo ndi chingwe cha mapaundi 10.

Kenako sankhani mtundu wa chingwe, ndipo apa ndi pamene pali nkhani. Monofilament, chingwe cha nayiloni cha ulusi umodzi, ndi chotsika mtengo komanso chosavuta kumanga, koma chimatamuka. Pamadzi osaya zimenezi zilibe kanthu, mwinanso zimathandiza kuti mbedza isang'ambe kamwa ya nsomba. Mukapitirira mamita 6 kapena 7, kutamukako kumameza uthenga wonse. Braid, chingwe cholukidwa, sichitamuka kwenikweni, ndipo cha mapaundi 10 chimakhala chowonda kuposa monofilament ya mapaundi 6. Tsiku loyamba kuchigwiritsa ntchito ndinatha kusiyanitsa matope ndi miyala ndili m'boti, chala chili pa chingwe. Ine ndimasankha chimenechi, makamaka cha mtundu wowala ngati wachikasu, chifukwa nthawi zambiri nsomba imadya jig ikutsika, ndiye mumaona chingwe chikudzidzimuka musanamve kanthu.

Vuto la braid ndi lakuti limaoneka m'madzi oyera ndipo silichedwa kuperepeseka pamiyala. Choncho kumapeto kwake lumikizani kachidutswa ka fluorocarbon (mtundu wina wa chingwe cha ulusi umodzi) ka mapaundi 8 kapena 10, kotalika pafupifupi mita imodzi. Fluorocarbon saoneka bwino m'madzi ndipo amapirira kukhula. M'nyanja ya Winnipeg munapezeka tinkhono totchedwa zebra mussel mu 2013, ndipo zigoba zake ndi zakuthwa ngati lezala. Pamalo otere, kapena pamene pali nsomba ya mano ambiri yotchedwa pike, kwezani kachidutswako kufika mapaundi 12.

Polumikiza zingwe ziwirizi mangani mfundo ya double uni, pa jig mangani ya Palomar. Nyowetsani mfundoyo ndi malovu musanaikoke, chifukwa ikakhala youma imatentha n'kufooka. Ndinatayapo nsomba yabwino pafupi penipeni ndi boti, ndipo nditakoka chingwe kumapeto kwake kunali kopiringizika ngati mchira wa nkhumba. Mfundo ndiyo inamasuka, chingwe chinalibe mlandu.

Musaiwale drag, kagudumu kamene kamalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu. Ikani kuti chizituluka chisanafike pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake. Mukatero, chingwe cha mapaundi 8 chimavuula nsomba yolemera kuposa pamenepo.

M'nyengo yozizira, pamene anthu amaboola madzi oundana n'kumawedza pamwamba pa nyanja, braid amamwa madzi n'kuuma gwa mukakhala panja. Tengani monofilament kapena fluorocarbon ya mapaundi 6 mpaka 8, pokhapokha ngati muli m'kanyumba kofunda.

Mukagwira nsomba iliyonse, kapena mukakodwa pamwala, pitirizani zala pa theka la mita lakumapeto. Mukamva pokhakhala, dulani mumangenso. Muonenso kuti kamnga ka pa mbedza mwakaphwanyira pansi, chifukwa malamulo a Manitoba salola mbedza yokhala nako.