Momwe eni nthaka a ku America amakonzera dongosolo lopewera ngozi

Mwafunsa kuti mtundu wa eni nthaka ku United States (anthu amene makolo awo ankakhalako azungu asanafike) umakonza bwanji dongosolo lochepetsera ngozi zachilengedwe, komanso kuti anthu wamba amalankhulapo liti. Zimayenda motere.

Choyamba, khonsolo ya mtunduwo imasankha gulu lotsogolera ntchitoyi. Gululi limagwirizana kuti ofunsidwa maganizo ndi ndani: a mtunduwo okha, kapena aliyense wokhala pa nthakayo. FEMA, nthambi ya boma yoona za ngozi, imasiya chisankhochi m'manja mwa mtunduwo, ndipo ine ndikuona kuti n'koyenera.

Kachiwiri, amalemba zoopsa za m'dera lawo: madzi osefukira, moto wolusa, chilala, zivomezi. Apa sipofunika phuma. Mapu sanena zonse. Achikulire ndiwo amakumbukira pamene mtsinje unalekezera kale, choncho ndi bwino kuwayendera kunyumba n'kucheza nawo m'chinenero chawo. Manda ndi malo opatulika amaganiziridwanso, chifukwa akakokoloka sabwezeretsedwa.

Kenako amasankha zochita. Mwachitsanzo, a mtundu wa Quinault, m'chigawo cha Washington, anaganiza zosamutsira kumtunda mbali ya m'munsi ya mudzi wa Taholah, poopa madzi a m'nyanja ndi tsunami (mafunde aakulu obwera chifukwa cha chivomezi).

Zolembazo zisanavomerezedwe, anthu amaziona n'kuperekapo ndemanga, ndipo gulu limalemba momwe ndemangazo zagwirira ntchito.

Pomaliza, FEMA imaunika, khonsolo imavomereza. Dongosololi limakonzedwanso zaka 5 zilizonse. Likatha ntchito osakonzedwanso, mtunduwo sulandira ndalama za FEMA zopewera ngozi.