Sangweji ya m'mawa imayambira madzulo

Makolo ambiri ndikacheza nawo za kadzutsa, dandaulo lawo limakhala limodzi: nthawi. Mwana wina akufunafuna nsapato, wina sanasambe, bambo maso ali pa wotchi, mapeto ake aliyense amangomwa tiyi choimirira n'kutuluka. Ikamakwana 10 koloko mwana uja ali m'kalasi akuyasamula, aphunzitsi akulankhula iye maganizo ali kumimba. Pa vuto lotere sangweji imathandiza. Ndi zidutswa ziwiri za buledi zokhala ndi chakudya pakati, basi. Dzinali linachokera kwa John Montagu, mkulu wina wolemekezeka wa ku England amene anali Earl wa Sandwich ndipo anamwalira mu 1792. Anthu amati ankakonda kudya nyama yoika pakati pa buledi kuti asadzuke patebulo. Kutanganidwa sikunayambe lero.

Koma sangweji imafulumira pokhapokha ngati ntchito yambiri munaigwira dzulo. Mukayamba m'mawa womwewo kufunafuna mpeni, kutsuka chiwaya, kusenda anyezi, ndiye kuti palibe chimene mwapulumutsa.

Tiyambe ndi dzira, chifukwa ndilo limapangitsa kuti mwana akhute mpaka masana. Buledi wopaka majarini yekha amapatsa mphamvu koma sachedwa kutha m'mimba. Dzira limodzi lalikulu lili ndi magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni, amene ndi chakudya chomanga thupi, ndipo chakudya chotere chimachedwa kugayika. Madzulo mukamaliza kuphika, moto usanazime, wiritsani mazira kwa mphindi 10 mpaka 12 kuwerengera pamene madzi abwata. Mukatero aponyeni m'madzi ozizira. Madzi ozizirawo amaimitsa kupsa ndipo amathandiza kuti dzira lisendeke bwino. Mukaona kamzere kobiriwira mozungulira chikasu cha dzira musadabwe, mwangoliwiritsa mopitirira, si poizoni. Mazira owiritsa amakhala mufiriji mpaka masiku 7, choncho mungawiritse ambiri kamodzi. M'mawa ntchito n'kungosenda, kuphwanya ndi foloko, kuthira kamchere ndi kamayonezi kapena peyala wakupsa kuti zigwirane, n'kupaka pa buledi.

Banja likakhala lalikulu musamakazinge dzira limodzilimodzi, mudzakhala pamoto mpaka ana onse atachedwa. Menyani mazira 6 m'mbale, thiranimo mkaka pang'ono ndi anyezi wodula tating'onoting'ono, khuthulirani m'chiwaya chachikulu chopaka mafuta, vundikirani, moto ukhale wochepa. Musatakase. Pakapita mphindi zingapo limauma ngati chikondamoyo chopyapyala, ndiye mumalidula panayi kapena pasanu molingana ndi kukula kwa buledi wanu. Amene muli ndi uvuni mungachite zomwezi m'thireyi, pa madigiri 180 kwa mphindi pafupifupi 15. Mazira okazinga chonchi, akazizira n'kuwaika m'kontena yotseka bwino, amakhala mufiriji masiku atatu kapena anayi.

Nanga amene mulibe firiji? Inu musaphikiretu dzira madzulo. Chakudya chophikidwa chisamakhale pamtunda kupitirira maola awiri, chifukwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 m'pamene majeremusi amaswana mofulumira. Amenewa ndi malangizo a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse, ndipo kununkhiza sikuthandiza, popeza chakudya chimatha kudwalitsa chisanayambe kusasa. Chimene mungachite madzulo ndi kutsuka tomato osamudula, kuika pamodzi mpeni, mbale ndi chiwaya, ndiye m'mawa mazira aziwira mumpoto wawo pamene madzi a tiyi ali pamoto. Nthawi yake ndi imodzimodzi.

Pa dzira lomweli ndiwonjezere chinthu chimodzi. Alipo akuluakulu amene amakonda dzira losapsetsa, lachikasu choyenderera. Zimenezo n'zawo, koma kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala, dzira lipse mpaka choyera ndi chikasu chomwe ziume. M'dzira laliwisi mumatha kukhala majeremusi a Salmonella amene amatsegula m'mimba ndi kutenthetsa thupi. Sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 mukagwira mazira aawisi, ndipo mbale imene munamenyeramo mazira musaikemonso buledi.

Tsopano tifike pamene ambiri amalakwitsa, ndiye pa kasanjidwe. Mwana akabwerako kusukulu sangweji ili yosadya m'chikwama, kawirikawiri vuto silikhala kukoma ayi. Amakhala atatsegula n'kupeza buledi wanyowa, wafewa, akumata m'manja. Buledi ali ngati thonje, amamwa madzi alionse amene wakhudzana nawo, ndipo tomato ndi madzi okhaokha. Choncho pakani batala, majarini kapena peyala pa zidutswa zonse ziwiri, mpaka m'mphepete, osangoti pakati pokha. Mafutawo amatchinga madzi. Kenako ikani zouma moyandikana ndi buledi, monga tchizi kapena tsamba la letesi lotsuka n'kulipukuta bwino, ndipo tomato akhale pakatikati. Tomatoyo mumudule mopyapyala, mumuchotse njere ndi madzi ake. Musamuwaze mchere ngati sangwejiyo ikadyedwa patsogolo, chifukwa mchere umakoka madzi, ndipo pakangopita mphindi zochepa tomato amayamba kukha. Dzira lotentha nalonso musalikulunge nthawi yomweyo, nthunzi yake imasanduka madzi m'kati mwa pepala. Lisiyeni lipole kaye pang'ono.

Kuwamba buledi pachiwaya chouma, mphindi imodzi mbali iliyonse, kumathandizanso kuti alimbe. Ndipo apa m'pamene buledi wa dzana amapezera ntchito, chifukwa akamva moto amafewanso m'kati pamene kunja kuli khirichikhirichi. Ine ndimaona kuti sangweji yabwino imachokera kwa buledi wogona tsiku limodzi kusiyana ndi wongophikidwa kumene, amene amaphwanyika pocheka. Buledi musamusunge mufiriji, amauma msanga m'menemo kuposa pamtunda. Ngati mwagula wambiri, muchekeni n'kumuika mufiriza, muzitulutsa zidutswa zimene mukufuna. Koma akachita chuku, tayani yense. Kudula mbali yobiriwirayo sikokwanira, mizu ya chuku imalowerera m'kati momwe maso saona. Mukakhala ndi mwayi wosankha, buledi wabulawuni wa tirigu wosapuntha ndiye wabwino, ali ndi gaga amene amathandiza kugaya chakudya ndiponso amakhutitsa nthawi yaitali.

Masiku ena mazira sapezeka, kapena moto palibe. Chiponde ndi nthochi yodula ndi sangweji yokwanira, ndipo sifunika firiji. Shuga musawonjezere, nthochi yakupsa ndi yotsekemera kale. Nyemba zotsala madzulo, ngati zinasungidwa pozizira, zitenthetseni mpaka ziwire, muzikhetse msuzi, muziphwanye n'kusakaniza ndi anyezi. Peyala mumudule m'mawa womwewo ndi kumufinyira ndimu, apo ayi amada akakhudzana ndi mpweya. Ndimu ndi tomato zili ndi vitamini C amene amathandiza thupi kutenga ayironi, yemwe ndi wofunika popanga magazi, kuchokera m'nyemba ndi m'buledi, pamene tiyi amachita zosiyana, amalepheretsa. Mwana wochepa magazi ndi bwino amwe madzi pakudya, tiyi abwere pakapita ola.

Soseji, poloni ndi nyama zina zokonzedwa kufakitale ana amazikonda, ndipo n'zoona kuti sizichedwa. Sindikuti musamagule, koma zisakhale za tsiku ndi tsiku. Zili ndi mchere wambiri, pamene munthu wamkulu sayenera kufika magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo buledi ndi tchizi zili nawo kale mchere wake. Komanso mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo lija inaika nyama zoterezi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo. Nyama ya nkhuku yotsala, yoinyotsola n'kuitenthetsanso bwino, imagwira ntchito yomweyo.

Kwa ana aang'ono kwambiri samalani zitatu izi. Uchi musapatse mwana wosakwana chaka. Chiponde muzipaka chopyapyala, chifukwa chikakhala chibulumwa chimatsamwitsa. Ndipo mwana akadya dzira kapena mtedza n'kutuluka ziwengo, kutupa milomo kapena kubanika, thamangirani naye kuchipatala, musadikire kuti muone mawa.

Ana okulirapo apatseni ntchito. Wa zaka 6 angathe kusenda dzira ndi kupaka majarini ndi supuni, wa zaka 10 angathe kusanja ndi kukulunga, mpeni wakuthwa ndi moto zikhale za akuluakulu. Mwana savuta kudya chimene wakonza yekha, ngakhale muli letesi amene masiku onse amamutola n'kutaya. Mukamaliza, dulani sangweji pakati kuti igwirike m'manja aang'ono, ikulungeni m'pepala loyera kapena muiike m'kontena, ndipo muuzeni mwanayo kuti ya dzira kapena ya nyama aidye pa buleki yoyamba. Yachiponde ndi imene ingadikire mpaka masana.