Kuchotsa chuku m'zidole zimene ana amasamba nazo

Mukafinya kabakha ka pulasitiki kamene mwana amasewera nako m'beseni, n'kuona kakutulutsa madzi akuda okhala ndi tizidutswa ngati makala osinja, dziwani kuti m'kati mwake mwamera chuku. Gwero lake ndi kabowo ka pansi kaja. Madzi ofunda, osakanikirana ndi sopo ndi litsiro la m'thupi, amalowera pamenepo koma satuluka onse, ndipo m'katimo simupita mphepo. Mu 2018 akatswiri a bungwe lofufuza za madzi la Eawag ku Switzerland pamodzi ndi anzawo a ku yunivesite ya Illinois anafalitsa zimene anapeza atang'amba zidole zotere: zoposa theka mwa zimene ana ankasamba nazo zinali ndi chuku, ndipo zina zinali ndi mabakiteriya a Pseudomonas aeruginosa, amene amayambitsa matenda a maso ndi makutu. Madzi amenewa ndi amene mwana amadzipopera kumaso, pena n'kuyamwa.

Yambani ndi sopo. Finyani chidole mpaka madzi akale atuluke, kenako chimizeni m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, muchisiye chiyamwe madziwo, mutseke bowolo ndi chala n'kukhutchumula mwamphamvu. Bwerezani mpaka madzi otuluka ayambe kuyera. Kunja tsukani ndi mswachi wakale, makamaka m'mizere ya mapiko ndi pakamwa. Musadumphe gawoli: kulorini, mankhwala a mu Jik amene mugwiritse ntchito pambuyo pake, akakumana ndi litsiro lambiri amathera mphamvu pa litsirolo asanafike pa chuku.

Tsopano Jik. Sankhani wamba, osati wonunkhiritsa kapena wokhuthala, ndipo werengani pa botolo. Ngati palembedwa 3.5%, thirani masupuni aakulu awiri, kutanthauza mamililita 30, m'lita imodzi ya madzi ozizira. Ngati ndi 5%, mamililita 20 akwanira. Madzi otentha ayi, chifukwa amauluzitsa kulorini, inu n'kumapuma mpweya wake. Gwirirani ntchitoyi panja kapena pa windo lotsegula, mutavala magolovesi, mwana ali kutali.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amangoponya zidole mu ndowa, izo n'kumayandama, mankhwala osalowa m'kati momwe muli vutolo. Chidole chilichonse chifinyidwe chili pansi pa madzi kuti chiyamwe mankhwalawo mpaka kudzaza, ndipo pamwamba muikepo mbale yolemera kuti zonse zimire. Dikirani mphindi 10. Kuzisiya usiku wonse sikuwonjezera kanthu, kumangosuwitsa utoto ndi kulimbitsa pulasitiki mpaka kuyamba kusweka. Mukatero tsukuluzani ndi madzi oyera, kuyamwitsa ndi kufinya katatu kapena kuposerapo, mpaka fungo litatheratu. Madzi a mankhwala otsala atayeni; akagona amachepa mphamvu, ndipo osawasunga m'botolo la chakumwa, ana angamwe.

Amene safuna Jik angagwiritse ntchito viniga woyera, kapu imodzi ya viniga pa kapu imodzi ya madzi, n'kuviika kwa ola lathunthu. Amathandiza pa chuku chongoyamba kumene ndi potsuka mlungu ndi mlungu, koma kunena zoona, pa chidole chimene chada kale m'kati safika pa mphamvu ya Jik. Chachikulu n'chakuti musaphatikize ziwirizi, ngakhale kugwiritsa ntchito china pambuyo pa chinzake musanatsukuluze. Viniga akakumana ndi Jik amatulutsa mpweya wa kulorini umene umawotcha maso ndi mapapo. Musaphatikizenso Jik ndi mankhwala otsukira chimbudzi kapena aliwonse okhala ndi amoniya, chifukwa nawonso amatulutsa mpweya woopsa. Kuthira soda mu viniga nako n'kutaya ndalama: thovu limaoneka lochititsa kaso, koma ziwirizi zimathetsana mphamvu.

Kuwiritsa kumayenera zidole za silikoni zokha (mphira wofewa wopirira kutentha), ngati wopanga analemba kuti n'zololedwa. Pulasitiki yofewa imapindika. Zidole za mabatire ndi zamatabwa siziviikidwa, zimangopukutidwa.

Kuumitsa n'kofunika kuposa mankhwala onsewa. Finyani madzi onse, muyanike pa thandala kapena m'kathumba ka neti, bowo litaloza pansi, pamalo podutsa mphepo. Kunja kumauma msanga, koma m'kati mungatenge masiku awiri, makamaka nthawi ya dzinja pamene chinyezi chachuluka. Zikauma, walitsani tochi ya foni kuseri kwa chidole muli mumdima. Mukaonabe mawanga akuda m'kati, kapena chikununkhabe chuku, chitayeni basi. Chuku chimene chakakamira m'kati simungachikwechese, ndipo chimaphukanso pakangopita masiku ochepa.

Ena amamata bowo lija ndi guluu wotentha. Zimatheka pa chidole chatsopano chimene sichinalowepo madzi, koma muziyang'ana kawirikawiri, chifukwa guluuyo akamatuka mwana angamumeze n'kutsamwa. Kumata chidole chakale n'kungotsekera chinyezi m'kati. Pogula zina, sankhani zopanda bowo kapena zotseguka pakati, ngakhalenso makapu apulasitiki wamba amene mwana angamatungire ndi kukhuthula madzi. Amenewa mumangowatsuka limodzi ndi mbale n'kuwavundikira.