Dzimbiri la mapaipi a mabuleki ndi mafuta pa mapikapu akale

Eni ma Hilux, Isuzu KB ndi Nissan Hardbody akale muno mu Blantyre amasamala injini ndi matayala, koma ndi ochepa amene amalowa kunsi kukaona timapaipi tachitsulo ta mabuleki ndi ta mafuta. Paipi ya buleki ndi yaing'ono, mamilimita 4.75 kunenepa kwake, ndipo dzimbiri likaidya imaphulika pomwe mwaponda mwamphamvu, mwina mutasenza matumba pamtsetse wa msewu wa ku Chikwawa.

Gwero lake ndi matope. A m'misewu ya ku Machinjiri kapena ku Bangwe akakanirira pa chasesi sauma msanga m'dzinja lonse, ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimadzawanyowetsanso. Feteleza wotayikira m'bodi akasungunuka ndi mvula amadonthera pamapaipi n'kumadya chitsulo. Galimoto zochokera ku UK zambiri zimafika zitadyeka kale ndi mchere womwe amawaza m'misewu nyengo yozizira.

Mvula ikatha, tsukani kunsi ndi madzi amphamvu, galimoto iume, kenako ikhazikeni pazochirikiza zolimba. Jeke yokha musaidalire. Ndi tochi m'manja, tsatirani paipi kuchokera ku injini mpaka ku difu, pakati pa matayala akumbuyo. Dzimbiri limabisala pansi pa tizopanira ta pulasitiki, pamwamba pa thanki ndi pamanati olumikizira, choncho masulani tizopanirato muone kuseri. Palani ndi burashi yawaya. Pakatsala chitsulo chosalala, pakani utoto woteteza dzimbiri. Mukaona timaenje, makoko otupa kapena pamalo ponyowa, paipiyo yatha ntchito. Yesaninso chonchi: lizani injini, pondani buleki mwamphamvu masekondi 30. Ikamalowa pang'onopang'ono, galimotoyo isachoke pakhomo.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kumanga ndi mphira wa chubu, kulumikiza ndi kapaipi ka labala, kuwotcherera, kapena kupinda paipi kuti tayala limodzi lisagwire buleki, zonsezi n'kuika miyoyo pachiswe, chifukwa mphamvu ya mkatimo imaposa ya mpweya wa m'tayala kambirimbiri. Sinthani paipi yonse, kuchokera nati iyi kukafika nati inayo. Gulani yachitsulo yokutidwa kapena yosakaniza kopa ndi nickel, yomwe siichita dzimbiri ndipo imapindika mosavuta. Ya kopa wokhawokha ya mafiriji imathetheka ndi kugwedezeka. Nsonga za paipi yatsopanoyo amakaniko azifutukule kawiri ndi chida chake, monga zinalili zakale. Manati ambiri a galimoto za ku Japan ndi a M10 x 1.0, ndipo amafuna sipanala ya 10 yong'ambika pakamwa. Yawamba imabulungiza nati yadzimbiri.

Mukamanga, chotsani mpweya m'mapaipi kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder (pampu yomwe imakankha mafuta mukaponda buleki), osaiwala valavu ya kumbuyo yoyeza katundu ngati ili ndi potulutsira. Mafuta a mabuleki a DOT 3 kapena DOT 4 amayamwa chinyezi n'kumadya paipi mkati, ndiye asintheni zaka ziwiri zilizonse.

Paipi ya dizilo ikabooka kabowo nthawi zina siidontha n'komwe, imangoyamwa mpweya, galimoto n'kumavuta kulira m'mawa mpaka mutapopa kapampu ka pa fyuluta ya dizilo. Ya petulo imadziwika ndi fungo, ndipo ikadonthera pa ekizosi yotentha ndi moto basi. Musanaigwire, chotsani waya wa negetivu pa batire, ndipo gwirirani ntchitoyo panja, kutali ndi mbaula kapena owotcherera.